Kachitsulo ka Wilo Lakutsogolo

Lolemba, 7 Okutobala

Njinga ya Millicent yafika. Yabwera pa lole ya mbewu yochokera ku Lusaka, itamangiriridwa pakati pa matumba. Amuna anayi kuitsitsa. Ine ndinangogwira handulo, msana unakana.

Chinjinga chamoto chachikulu, cha anthu oyenda maiko. Anagula kwa mzungu wina amene ulendo wake unathera ku Lusaka. Munthuyo sanaimvere chisoni. Wilo lakutsogolo lang'aluka. Shoko yakumbuyo, ija yofewetsa mabampu, ikudontha oyilo. Mapadi a mabuleki atha mpaka pachitsulo. Zaka makumi atatu ndakonza njinga za alangizi a thonje, koma yotere ayi.

Makatoni atatu. Mawilo awiri a masipoko, olimba pa miyala. Shoko yatsopano. Masipulingi a mafoko, miyendo iwiri ija yogwira wilo lakutsogolo. Madisiki, mapadi, mapaipi a mabuleki. Zonse zonunkha sitolo.

Uthenga wake pa foni: "Atate, zonse zili m'makatoni. Mabuleki sindingapatse munthu wina. Ndibwera pa 19, ndinyamuka pa 21." Basi. Ngakhale moni.

Wapeza ntchito ku Mbeya, ku Tanzania, yokumba mijigo. Mabasi alipo. Iye akuti pa njinga, yekha, kudzera ku Malawi, msewu wafumbi wa ku Rumphi mpaka ku Chitipa, mvula isanayambe.

Mwana mmodzi yekhayo. Zaka ziwiri osaponda pakhomo pano. Ndiye akundipatsa masiku awiri.

Lachitatu, 9 Okutobala

Kutentha. Malata a shedi ngati chiwaya. Magetsi anapita m'mamawa, sanabwere. Palibe kanthu, sipanala safuna magetsi.

Ndaikweza pa kabokosi, ndachotsa mawilo onse. Matope a maiko angati m'mabeling'imo? Ofiira, akuda, ena oyera ngati phulusa. Bawuti imodzi ya disiki yandivuta mpaka masana. Ndinaitukwana mokweza. Kenaka ndinatembenuka kuti ndione ngati Dailes wamva. Chizolowezi.

Ndilembe kamodzi, mwina chingatuluke m'mutu. Mkazi wanga Dailes atagonekedwa kuchipatala, madokotala anandiuza zoona. Millicent anali pa mayeso ake otsiriza. Amaimba tsiku lililonse. Ine tsiku lililonse: amayi ako akupezako bwino, iwe lemba mayeso. Ndinkati ndikumuteteza. Anatsika basi n'kupeza mipando ya tchalitchi pabwalo ndi azimayi akuimba.

Titaika maliro kwawo kwa Dailes ku Chipangali, anandiuza mawu atatu pafupi ndi galimoto: "Munandibisira amayi anga." Kuyambira pamenepo, foni ya pa Khirisimasi, mphindi zitatu.

Loweruka, 12 Okutobala

Wilo lakumbuyo lalowa bwino. Ndagogoda masipoko limodzilimodzi ndi sipanala, onse akulira mofanana. Tcheni chili pamzere. Shoko yatsopano yalowa popanda kulimbana, yaifupi pang'ono kuposa yakale kuti mapazi ake azifika pansi. Ndi wamfupi ngati mayi ake.

Kapepala ka m'katoni kakuti shoko iyenera kuchunidwa molingana ndi kulemera kwa wokwera. Ndinakhala pansi ndi kapepalako nthawi yaitali. Sindidziwa kulemera kwa mwana wanga. Ndikudziwa kuti anabadwa ndi makilo awiri ndi theka, ku chipatala cha ku Mwami, nesi akunena kuti kamwana aka n'kaukali. Za lero sindidziwa. Wanenepa? Waonda?

Ndinafunsa. Yankho: "58. Katundu 25."

Ndasenzetsa njinga thumba la chimanga la makilo 50 pampando, kachitumba ka nshawa pamwamba pake, zidina ziwiri za mchenga kumbuyo. Kupima ndi tepi, kumanga sipulingi, kupimanso. Katatu. Tsopano ikutsika monga kapepala kanenera.

Thumba sindinalitsitse. Ndadya chakudya chamasana mushedi momwemo, litakhala pampando.

Lolemba, 14 Okutobala

Mafoko. Oyilo wakale wakuda, wonunkha ngati nsomba yoola. Kutsuka, masipulingi atsopano, oyilo watsopano wopima ndi jekeseni wa ng'ombe. Manja akadali abwino. Maso ndiwo ayamba kunama.

A Shepherd anadutsa, aja ali ndi makina osula zitsulo kuseri kwa msika wa Kapata. Anaizungulira kawiri, manja kumbuyo. "A Miti, mwana wamkazi pa chinthu ichi? Inu n'kumamumangira nokha?" Ndinati akapita kwa wina am'mangira molakwika. Anati zoona. Anamwa madzi, napita. Munthu woyamba kulowa pageti kuyambira Lachinayi.

Ntchito ikuthamanga kwambiri. Kwatsala wilo lakutsogolo ndi mabuleki. Lachinayi ndikhala nditamaliza.

Ndasesa kuchipinda kwake. Ndayanika matiresi. Mavu anamanga pa katani.

Lachitatu, 16 Okutobala

Wilo lakutsogolo. Limabwera ndi masipesa awiri, tizitsulo tobulungira tokhala mbali ndi mbali pa ekiselo kuti wilo likhale pakati penipeni. Popanda kamodzi, wilo silimangika. Ndinaika tonse tiwiri, kumanga, kuzungulitsa. Linazungulira mwakachetechete, nthawi yaitali, osagwedera ngakhale pang'ono. Ntchito yokongola. Ndinaliyang'ana mpaka linaima lokha.

Ndiye ndinamasula. Ndinachotsa sipesa yakumanzere, ndinaipukuta, ndinalowa nayo m'nyumba. Ili m'chitini cha Dailes cha mabatani ndi singano, pamwamba pa kabati.

Ndamulembera kuti m'katoni munali sipesa imodzi yokha.

Maganizo anga ndi awa. Abwera pa 19 monga ananenera, apeza njinga sinathe, adikira pano. Sabata imodzi, mwina ziwiri. Pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira akufa, tipitira limodzi ku Chipangali. Sitinaimepo awiri pa manda aja. Tikabwerako ndidzati ndaipeza, inagwera kuseri kwa benchi.

Sindikuba kanthu. Ndikungobwereka masiku.

Lachisanu, 18 Okutobala

Anaimba. Mawu ake enieni, osati zolemba. Mphindi zisanu ndi imodzi, zonse za sipesa. Ndayang'ana bwino m'mapepala okulungira? Ndayang'ana. Yakale singalowe? Singalowe, ndipo apo sindinaname. "Nanga a Shepherd sangasule ina?" Akanasula pa ola limodzi. Ndinati chitsulo chawo n'chofewa, sindingaike moyo wake pa chitsulo cha pa Kapata. Anati chabwino, inu ndi amene mukudziwa.

Inu ndi amene mukudziwa.

Waitanitsa ina ku Joni. Akuti masabata awiri kapena atatu. Walipiranso, ndipo wakalipira anthu a sitolo imene anagulako zitsulozi pa mlandu umene sanapalamule.

Mawa sabwera. Akuti palibe chifukwa chobwerera njinga isanathe. Nyumba yake ku Lusaka anabweza kale, ndiye akugona pa mphasa kwa mnzake ku Kabwata. Pa mphasa kwa mnzake. Kuno bedi lili loyala.

Izi sindinaziganizire.

Lamulungu, 20 Okutobala

Misa yoyamba. Sindinalandire Ukaristia. Amayi Lenia a mu kwaya anandiyang'ana pobwerera kumpando kwawo, ine maso pa nsapato.

Nkhuku imene ndinagulira mlendo ikungoyendayenda pabwalo. Yalowa mushedi, yanyera pa katoni.

Njinga ili pa kabokosi yopanda wilo lakutsogolo, ngati ng'ombe yogwada. Ndaifunditsa chilona.

Lachinayi, 24 Okutobala

Tsiku la ufulu. Ng'oma ndi malipenga zikumveka kuchokera ku bwalo la mpira. Ana a sukulu adutsa ndi timbendera. Sindinatuluke.

Ndamanga mapaipi a mabuleki, ndathira mafuta. Kutulutsa mpweya ndi ntchito ya anthu awiri: wina kupopa, wina kumasula kabawuti pansi. Zaka zonse zija wopopa anali Dailes. Amabwera ndi manja a sopo, akudandaula kuti ndiwo zipserera. Ine pansi: popa, popa, gwira. Iye: "Ndagwira kale, bambo inu, fulumirani."

Lero ndinapopa buleki yakumbuyo ndi dzanja, kutsamiritsa njerwa, kuthamangira ku kabawuti. Njerwa kugwa. Mpweya kulowanso. Kasanu. Mafuta a mabuleki m'diso. Ndinakhala pansi n'kulira, ndipo sindinganene kuti anali mafuta okha.

Yakumbuyo yagwira tsopano. Yakutsogolo idikira wilo.

Ndinalemba uthenga: Mwanawe, sipesa ili pano, ndinaibisa ndine. Ndinauwerenga. Ndinafufuta. Ndinalemba wina wakuti ndaipeza kuseri kwa benchi. Ndinafufutanso. Woyamba ndikuopa. Wachiwiri ndi bodza lachitatu.

Lolemba, 28 Okutobala

Mitambo kumbali ya Vubwi kuyambira masana. Kugunda kawiri, kutali. Mphepo inanyamula fumbi ndi mapepala, fungo la mvula, koma osagwa.

Ndinapita kukagula gilizi m'tauni, ndinakumana ndi a Shepherd. Mlamu wawo amayendetsa lole ku Malawi. Akuti kumpoto, kumapiri, yagwa kale kawiri, msewu wa ku Chitipa ukayamba kunyowa umaterera ngati therere. Anandifunsa kuti mwana ananyamuka? Ndinati tikudikira kachitsulo. "Kachitsulo kanji koti ine sindingasule?" Ndinati basi yanga ikunyamuka. Ndinabwera wapansi.

Akananyamuka pa 21, bwenzi pano atadutsa kale msewu wa ku Chitipa. Pouma. Ntchito ayamba pa 11 Novembala, tsikulo silisuntha. Ankafuna kuyenda pang'onopang'ono, masabata atatu. Ndamudyera masiku ouma onse. Ine amene anandikhulupirira pa mabuleki.

Mawa ndimuuza.

Lachitatu, 30 Okutobala

Sindinamuuze.

Walemba yekha: sipesa ya ku Joni yakakamira panjira, sakudziwa kuti ifika liti. Abwera Lachisanu. A Shepherd asule basi, chofewa kapena cholimba.

Lachisanu, 1 Novembala

Wafika ndi basi ya masana. Chikwama chimodzi, helemeti m'manja. Tsitsi anameta. Woonda kuposa mmene ndimaganizira. Anagwada pang'ono pondipatsa moni, monga anaphunzitsidwira, ndipo anapitirira kushedi asanalowe m'nyumba.

Anavundukula chilona. Anagwira shoko, anagogoda masipoko, anakankha mafoko. Ndinaona kuti wakondwa. Anati: "Mwaigwira bwino, Atate." Ndinatsala pang'ono kunena pomwepo. Ndinati ndikaphe nkhuku.

Ndili kuseri ndi mpeni, iye analowa kukafuna singano. Lamba wa chikwama chake anaduka m'basi. Akudziwa pamene singano zimakhala m'nyumba muno, anakulira momwemo.

Anatuluka ndi sipesa pachikhatho. Yoyera, yopukutidwa, ulusi wofiira utakolekera. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anaiika pa mtondo pafupi ndi ine, pambali pa nkhuku, nandiyang'ana. Ndinati ndinkafuna kuti tidzapitire limodzi kwa amayi ako. Mawu anatuluka aang'ono.

Anati: "Kachiwiri."

Nkhuku ndinaphika. Anadya buledi kuchipinda kwake.

Loweruka, 2 Novembala

Sikisi koloko anali kale mushedi, atavala ovolosi yanga yakale. Anandipatsa sipesa. Ndinamanga wilo iye ataimirira pamwamba panga, akuyang'ana bawuti iliyonse. Sanandiyang'anirepo ntchito chibadwire. Ali ndi chifukwa.

Disiki, mapadi. Kenaka mpweya. Anagwira handulo ya buleki, ine pansi. Popa, popa, gwira. Popa, popa, gwira. Mawu okhawo amene tinalankhulana m'mawa wonse. Mphindi khumi, buleki inalimba ngati mwala. Ntchito ya anthu awiri.

Ndinatsitsa thumba la chimanga. Anakwera. Mapazi onse awiri anafika pansi, ndipo njinga inatsika ndendende pamene ndinapima. Atangoiliza kamodzi kokha, injini inalira.

Ndinali nditavala kale jekete la ku tchalitchi, makandulo awiri m'thumba. Anamangirira khasu laling'ono ndi maluwa kumbuyo, pamalo pokhala munthu wachiwiri. Anati akufuna kuiyesa pa msewu wa ku Chipangali. Yekha.

Ndinamutsegulira geti. Ndinaimva mpaka pa msewu wa ku Lundazi, magiya onse, kenaka zii.

Ndikanatha kukwera kanta, kalole konyamula anthu a ku Chipangali. Sindinafune kuti akandipeze kumeneko asanandiitane. Makandulo ndayatsa pawindo la kukhitchini, dzuwa likuswa mtengo.

Wabwera cha m'ma 4, wofiira ndi fumbi mpaka m'nsidze, maso otupa. Anati kutsogolo kukumira kwambiri akagwira buleki pa mabampu. Ndinamanga tizikuluwu ta pamwamba pa mafoko, kawiri mbali iliyonse. Anati azakhali ake a Elesi akupereka moni, ndiponso manda anawapeza olimiridwa kale bwino. Ndimapita mwezi uliwonse. Sindinanene.

Lolemba, 4 Novembala

Mvula yoyamba dzulo masana. Yamphamvu, ya matalala pang'ono. Tinaima mushedi tonse awiri chifukwa panalibe kothawira. Phokoso la malata linatithandiza, panalibe chofunika kulankhula.

Itakata ndinamupempha kuti asiye msewu wa ku Chitipa, adzere pa tara ku Karonga. Anati aona akafika ku Rumphi. Ndinati mwina angokwera basi, njinga ndidzatumiza. Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. Ndilibenso mawu pa nkhani ya ulendo wake. Ndinawagulitsa ndekha.

Lero tsiku lonse kumanga katundu. Ndamuonetsa kukhwimitsa masipoko, kusintha mapadi, kumata chubu. Amadziwa kale zambiri. Anaphunzira kuti? Ndamupatsa sipanala yanga ya masipoko ndi kabotolo ka mafuta a mabuleki. Analandira ndi manja awiri.

Madzulo anadya nane pa tebulo. Mpunga ndi nyemba. Ali pakati pa kudya anaika supuni pansi. "Atate, mukanangonena kuti bwera, ndakusowa. Ndikanabwera. Mwina osati msanga, koma ndikanabwera." Ndinati sindinadziwe kanenedwe kake. Anati: "Ndi mawu awiri okha."

Anatsuka mbale. Ine ndinapukuta.

Lachiwiri, 5 Novembala

Wapita.

Pa njinga panalibe malo, zikwama mbali zonse. Ndinakwera takisi yopita ku boda ya Mwami, tinapanikizana anthu asanu ndi mmodzi ndi matumba a sopo. Iye patsogolo pathu njira yonse. Ndimayang'ana wilo lakumbuyo pa mabampu. Likugwira pansi bwino, osadumpha. Amakhota bwino. Dalaivala anati mnyamata uyo amaidziwa njinga. Ndinati ndi mwana wanga wamkazi. Galimoto yonse inasuzumira.

Pa boda malole mzere wautali, osintha ndalama akumuthamangira. Mapepala a njinga anatenga maola awiri. Ndinailondera panja, dzanja pa thanki. Ndinayesanso bawuti ya ekiselo ndi zala, ngati zala zingadziwe kanthu.

Potsanzikana anavula golovesi, nandigwira dzanja. Ndinati pita bwino, ndidzakusowa. Ndinanena. Mochedwa, pakati pa utsi wa malole, koma ndinanena. Anagwedeza mutu, anatseka galasi la helemeti. Sindinaone nkhope.

Anati alemba akafika ku Mzuzu.

Shedi yakula. Pansi pali madontho a oyilo ndi makatoni atatu opanda kanthu.

Lachitatu, 6 Novembala

"Mzuzu." Liwu limodzi, 5 koloko madzulo. Ndinayankha kuti zikomo Ambuye, nanga mawa udzera kuti? Sanawerenge.

Sipesa ya ku Joni yafika lero ku ofesi ya mabasi. Kaphukusi ngati bokosi la machesi, dzina langa pamwamba. Ndinasaina.

Lachisanu, 8 Novembala

Palibe. Dzulo palibe, lero palibe. Foni yake siikulowa.

Mvula usana wonse. Ndinapita kwa a Shepherd kuti afunse mlamu wawo. Mlamuyo ali ku Lilongwe, sakudziwa za kumpoto. Ndinakhala pa benchi yawo mpaka anatseka. Ndinawauza zonse, za chitini cha mabatani. Anapitiriza kupala chitsulo chawo. Pamapeto anati: "A Miti, munthu wamkulu ngati inu." Anandiperekeza mpaka pa mphambano, chinthu chimene sanachitepo.

Ndawerenga m'mutu bawuti iliyonse ya njinga ija. Zonse ndinamanga. Si bawuti zimene zikundiopsa. Ndi masabata awiri aja.

Loweruka, 9 Novembala

11 koloko m'mawa, foni. Chithunzi. Njinga itatsamira khoma la sitolo ina, matope mpaka pa thanki, galasi lakumanja palibe. Iye pambali, mkono wakumanja womangidwa nsalu kuyambira pachigongono. Waimirira. Waimirira yekha ndi miyendo yake.

Anadzera wa ku Chitipa. Anagwa Lachinayi pa chitsikiro, matope, njinga inam'panikiza mwendo mpaka anthu a ngolo anafika. Anagona masiku awiri pa sukulu ina, kwa aphunzitsi aakazi, kopanda netiweki. Fupa silinathyoke. Wadutsa boda m'mawa uno, Mbeya afika lero.

Walemba kuti: "Mawilo ali bwino, sipoko ngakhale imodzi. Mabuleki ali bwino. Pouma sindikanagwa, mukudziwa." Ndikudziwa. Ndinayankha kuti ndikudziwa, ndipo ndi ine. Anawerenga. Mphindi makumi awiri ndinakhala pakhonde foni ili pa bondo.

Kenaka uthenga wina. Osati za njinga.

"Mwadya?"

Sindinadye kuyambira Lachinayi madzulo. Chala chinalemba kale kuti inde. Ndafufuta.

Mbaula yazima, makala anyowa. Pali mbatata ziwiri ndi mazira. Adikire pang'ono, ndikoleze kaye moto, ndiye ndimuyankhe.